Laputopu ya masikirini awiri kapena kungogula monita? Tione za kuno ku Mulanje ndi Thyolo

Funso ili likumveka pafupipafupi masiku ano kwa anthu amene amaswera pa kompyuta, a maakaunti m'maesiteti a tiyi, olowetsa ma data m'zipatala ndi m'mabungwe, ana asukulu a ku MUST ku Ndata uko amene akulimbana ndi ma code, ngakhale anyamata ojambula maukwati aja omwe amachezera usiku onse kudula mavidiyo. Sikirini imodzi ya laputopu yachepa basi, munthu watopa nkudumphadumpha pakati pa Excel ndi PDF, nde waona pa YouTube laputopu ija yotseguka masikirini awiri, wina pamwamba wina pansi, mtima uli dyokodyoko kuti ndikangopeza ndalama ndigula imeneyi. Mnzake akumuuza kuti aise ingogula monita ku Limbe ulumikize, nkhani ithe.

Ndinene maganizo anga poyambirira pomwe kuti muziwerenga mukudziwa mbali yomwe ndaima. Kwa munthu wokhala kuno, sikirini yachiwiri ndi bwino ikhale chinthu chapachokha, choti mutha kuchizula, kuchizimitsa, kuchigulitsa olo kuchisiya kunyumba laputopu nkumagwirabe ntchito yake. Sikuti malaputopu a masikirini awiri ndi oipa ayi, ndi makina abwino zedi ndipo alipo anthu ena amene ndingawauze ndi mtima onse kuti gulani. Koma anawapangira munthu amene kwawo magetsi sathimathima, okonza ali pafupi ndi sipeya m'manja, warranty nayo ikugwira ntchito. Ife zitatu zonsezi timachita kusakasaka.

Tiyambe ndi malaputopuwo chifukwa ambiri amayesa ndi mtundu umodzi pomwe ilipo mitundu iwiri yosiyana kutalitali. Woyamba ndi uja ASUS inatulutsa mu 2019, ZenBook Pro Duo ndi yaing'ono yake ZenBook Duo. Sikirini yachiwiri pamenepa ndi kachidutswa kogona pamwamba pa kiyibodi, m'lifupi kofanana ndi sikirini yaikulu koma msinkhu wake pafupifupi theka, amakatcha ScreenPad Plus. Kuti kakwane anachita kukankhira kiyibodi kutsogolo m'mphepete penipeni, touchpad nkuiponya kumanja, ndiye polemba manja alibe potsamira, ukalemba lipoti lalitali umamva ndithu. Kasikirini kameneka nkabwino kuikapo timeline ngati mumadula mavidiyo, kaya WhatsApp kaya kakyuleta, koma kuti muwerengepo tsamba lathunthu la A4 iwalani. Lenovo nayo inayesa zofanana mu 2022 ndi ThinkBook Plus Gen 3, kasikirini ka mainchi 8 pambali pa kiyibodi. Mukamva wina akugulitsa laputopu ya masikirini awiri ya kaunjika pa mtengo wotsikirako, nthawi zambiri ndi mtundu umenewu, nde funsani chithunzi kaye musanatumize ndalama.

Mtundu wachiwiri ndi umene ukukopa anthu panopa. Lenovo Yoga Book 9i ya 2023 ili ndi masikirini awiri athunthu a mainchi 13.3 a mtundu wa OLED, uja woonetsa mitundu yowala bwino kwambiri, Zenbook Duo ya 2024 ili ndi awiri a mainchi 14, OLED omwewo, onse ogwira ndi chala. Kiyibodi ndi yochotsa, imalumikizana pa Bluetooth, mukaichotsa pansi pake pamatulukira sikirini ina. Mumaimika laputopu yonse pa kamwendo kake, sikirini ina pamwamba ina pansi, kapena kuitembenuza kuti akhale mbali ndi mbali. Apa ndiyamikire zinthu ziwiri zenizeni. Choyamba sikirini yapamwambayo imafika cha m'maso, khosi silipindika ngati mmene timawerama pa laputopu wamba. Chachiwiri, ndipo ichi nchachikulu kwa ife, masikirini onse awiri akudya batire la m'kati, magetsi akapita palibe chimene chazima. Zenbook Duo ija ndi kiyibodi yomwe imalemera cha m'ma 1.65 kg, yonse ikulowa mu chikwama chimodzi, mwakwera kabaza mwapita. Palibe monita ya pa desiki imene ingachite zimenezo.

Koma tsono ndalama. Zenbook Duo ya 2024 inatuluka ku America pa mtengo woyambira madola 1,499, Yoga Book 9i pafupifupi madola 2,000. Mukukumbuka mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700, nde olo titawerengera pa reti ya kubanki yomweyo madola 1,500 ndi K2.5 miliyoni ndi kanthu pamwamba, musanaikepo transipoti ndi msonkho, komanso tonse tikudziwa kuti wamalonda amene wakatenga katundu ku Johannesburg kapena Dubai dola yakeyo sanaipeze pa reti ya kubanki. Monita yatsopano ya mainchi 24 kunjako imakhala cha m'ma madola 100 mpaka 150. Ndiye kuti mtengo wa laputopu imodzi ija ndi mamonita khumi. Ngati laputopu imene muli nayo ikuyendabe bwino, ndalama yotsalayo ndi ya batire, sola, SSD yosungira mafayilo ndi RAM yothandiza makina kuthamanga, zinthu zimene zingasinthe ntchito yanu kuposa sikirini yowala mochititsa kaso.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine si mtengo wogulira, ndi tsiku limene chinthu chafa. Laputopu wamba ya HP, Dell kapena ThinkPad ikasweka sikirini, mukwera minibasi ya pa Midima, mufika ku Limbe kapena mu Blantyre, okonza amafufuza pa shelefu pake napeza ya mainchi 14 kapena 15.6 yochokera mu laputopu ina yakufa, madzulo mwabwerera kwanu ikugwira. Makina amenewa ndi ochuluka m'dziko muno nde masipeya ake ndi ochulukanso. Sikirini ya OLED yogwira ndi chala ya Zenbook Duo palibe amene waisunga pa shelefu kudikira inu, ndi yoitanitsa kunja, ndi madola, kudikira masabata, ndipo galasi ndi sikirini yake zinamatana nde simusintha galasi lokha. Sikirini yapansiyo m'mimba mwake ndi momwe muli bolodi ndi batire, kutsegula pamenepo pamafunika munthu woti anaionapo. Pamwamba pa zimenezo RAM ya Zenbook Duo ndi Yoga Book 9i anaiwotcherera pa bolodi, imene mwagula nayo ndi yomweyo mpaka kalekale. Yoga Book 9i ya 2023 ili ndi mabowo atatu a USB-C okhaokha, palibe HDMI palibe USB yaikulu ija, kutanthauza kuti fulashi ya mnzanu wa ku ofesi, pulinta, pulojekita ya pa wekishopu, zonse mpaka adaputa. Zenbook Duo pamenepa inachitako bwino, ili ndi HDMI ndi USB yaikulu imodzi. Kiyibodi yochotsa ija nayo ndi chinthu chimene chimaiwalika mu holo ya maphunziro, ikatayika mutha kugula ya Bluetooth ina iliyonse inde, koma siikhala pamalo pake mukatseka.

Ndiyeno pali nyengo yathu. Amene sanakhaleko kuno samvetsa kuti chiperoni chikagwira, Juni kapena Julaye, nkhungu imalowa mpaka m'nyumba, zovala pa chingwe osauma, nsapato za chikopa nkuchita chuku pansi pa bedi. Nthawi ya mvula ndiye osanena, kuno kuphiri mvula ndi yambiri kuposa madera ambiri m'Malawi muno, nchifukwa chake tiyi amakondwa. Chinyontho chimenechi chimadya tizitsulo ta m'mabowo ndi timawaya ta m'kati pang'onopang'ono. Chimadya monita, chimadyanso laputopu, sichisankha. Kusiyana kwake nkwakuti monita ikayamba mizere mwataya ndalama ya monita basi, mafayilo anu onse ali bwinobwino pa laputopu ndipo mawa mukugwira ntchito. Pa laputopu ya masikirini awiri chilichonse chikavuta makina onse amapita kwa okonza, inu nkutsala manja lende.

Tibwere pa monita. Pali kasamu kamene anthu sakachita. Sikirini ya mainchi 14 ya pa Zenbook Duo m'lifupi ndi masentimita pafupifupi 30, msinkhu 19. Monita ya mainchi 24 m'lifupi ndi pafupifupi 53, msinkhu 30. Mukachulukitsa mupeza kuti monita imodziyo payokha ndi yaikulu kuposa masikirini awiri aja mutawaphatikiza, ndipo sikirini ya laputopu yanu ikadalipo pambali ngati yoonjezera. Kwa munthu wa Excel amene makolamu ake amafika ku AZ, kapena amene maso ayamba kufuna magalasi, kukula kumeneku ndi nkhani yonse.

Ndinaziona bwino kwa mlamu wanga amene amasunga mabuku a kalabu ya alimi ang'onoang'ono a tiyi. Nthawi ya mvula tiyi akaphukira kwambiri, kumapeto kwa mwezi amamutumizira pa WhatsApp zithunzi za mapepala a pa sikelo, dzina la mlimi, nambala yake, makilogalamu a tsiku ndi tsiku, zolemba pamanja, zina zonyowa m'mphepete inki itayenderera. Pa sikirini imodzi amatsegula chithunzi, kuloweza nambala chapansipansi, kutseka, kupita pa Excel, kulemba, kubwereranso, ndipo pa kubwerera pamenepo mpamene 17 amasanduka 71, mlimi nkubwera kudzadandaula kuti ndalama yanga yaperewera. Pano ali ndi monita ya Dell ya kaunjika ya mainchi 22, ya mwendo wozungulira ija, amaiimika chotalika kuti pepala lonse lioneke kuyambira pamwamba mpaka pansi, anaikweza pa mulu wa makope akale kuti ifike m'maso. Chala chakumanzere chili pa mzere pa monitapo, dzanja lamanja likulemba pa laputopu, akakayikira ngati ndi 1 kapena 7 amangokuza chithunzi osachotsa maso pa mzerewo. Ntchito imeneyi siifuna OLED, siifuna touch, imangofuna malo.

Vuto la monita tonse tikulidziwa, imafuna soketi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga siteshoni ya magetsi ya Kapichira pa Shire, mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi ndipo panadutsa kupitirira chaka makina asanabwerere, kenako mu Malichi 2023 Freddy anadzagwetsa mapolo ndi kudula misewu kuno kwathu ndi ku Phalombe. Amene anadutsamo m'nyengo imeneyo sangagule chinthu cha magetsi osaganiza kuti nanga akathima. Nde tiwerengere. Monita ya LED ya mainchi 22 mpaka 24 imadya cha m'ma mawati 15 mpaka 25, laputopu ya ntchito za mu ofesi tinene mawati 30 olo chaja yake italembedwa 65, zonse pamodzi cha m'ma 50. Batire la sola la 12V 100Ah pa pepala ndi ma watt-hour 1,200 koma ngati ndi la mtovu lija simuyenera kulitsitsa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, nde muli ndi 600, inveta nayo idyapo yake, mutsala ndi maola 9 kapena 10 a laputopu ndi monita pamodzi. Limenelo ndi tsiku lathunthu la ntchito. Ngati pakhomo pali kale ka sola koonetsera TV ndi kuchajira mafoni, monita siikhala mtolo waukulu, bola musaikepo ayironi kapena ketulo. Anzathu a ku Bondo omwe ali pa kagiridi kakang'ono ka magetsi ka kampani ya MEGA kochokera mu mtsinje wa Lichenya nawo monita ya mawati 20 siingawavute.

Kanthu kena kothandiza kwa a sola, mamonita ena magetsi salowa mwachindunji, amadzera mu kabokosi kakunja ngati chaja ya laputopu, ena 12V ena 19V, ma LG ambiri ndi 19V. Oterewa mutha kuwadyetsa kuchokera ku batire kudzera pa ka converter ka DC osadzera pa inveta, mphamvu yotayika imachepa. Koma chonde musalumikize waya ku batire mwachindunji chifukwa mwaona palembedwa 12V, batire likamachajidwa ndi dzuwa limakwera kupitirira 14V, pakati pakhale chowongolera. Ndipo kukayamba ziphaliwali, kuno kuphiri sizichita kupempha, zulani monita ku khoma komanso zulani khebulo ya HDMI ku laputopu, chifukwa mphamvu ikalowera ku monita imatha kuyenda pa khebulopo nkukapsereza bolodi ya laputopu. Surge protector yeniyeni, ija yoteteza zipangizo magetsi akakwera mwadzidzidzi, osati ekisitenshoni ya pa msika yongolembedwa dzina, ndi mbali ya mtengo wa monita, muiwerengere limodzi.

Kunena chilungamo, ubwino wa batire wa laputopu ya masikirini awiri uja nawo uli ndi malire. Zenbook Duo ili ndi batire la 75Wh, Yoga Book 9i la 80Wh, ndi aakulu ndithu, koma mukayatsa masikirini onse awiri maola amatsika mooneka, ndipo OLED imadya kwambiri pamene sikirini ili yoyera mbee, zomwe ndi mmene Word ndi Excel zimakhalira ngati simunaike dark mode. Nde tsiku loti magetsi apita m'mawa ndipo simukudziwa abwera nthawi yanji, mudzapezeka mwabwezera kiyibodi pamalo pake nkumagwiritsa ntchito sikirini imodzi kuti batire lifike madzulo. Chimodzimodzi mnzanu wa monita amene wangozula khebulo.

Musanagule monita iliyonse tembenuzani laputopu yanu muone mabowo, apa mpamene ndalama za anthu zimathera pachabe. Ngati pali HDMI muli bho. Ngati pali USB-C yokha, dziwani kuti si USB-C iliyonse imatulutsa chithunzi, malaputopu otchipa ambiri bowo limenelo ndi la mafayilo basi. Onani ngati pambali pake pali kachizindikiro ka mphenzi ka Thunderbolt kapena ka DisplayPort, apo ayi sakani nambala ya laputopu yanu pa intaneti muone ngati alembapo DisplayPort pa USB-C. Mamonita a kaunjika ochokera m'maofesi akunja, ma Dell ndi ma HP aja, ndi olimba kwambiri ndipo ine ndimawakonda, koma ambiri ali ndi VGA, DVI ndi DisplayPort, HDMI palibe. HDMI kupita ku DVI ndi khebulo wamba ndipo chithunzi chimatuluka choyera bwino, HDMI kupita ku VGA pamafunika ka adaputa ndipo zilembo zimafewerako pang'ono. Msampha uli pa DisplayPort: makhebulo ambiri olembedwa DisplayPort ndi HDMI amayenda njira imodzi, kuchoka pa kompyuta ya DisplayPort kupita pa sikirini ya HDMI, nde inu wa laputopu ya HDMI ndi monita ya DisplayPort mukaigula mutembenuza mutembenuza osatulutsa kanthu. A MacBook Air ya M1 ndi M2 dziwaninso kuti imalola monita yakunja imodzi yokha.

Nchifukwa chake pokagula nyamulani laputopu yanu yomweyo, osati kudalira kompyuta ya mu shopu. Lumikizani ndi khebulo imene mupite nayo kunyumba. Tsegulani chithunzi choyera chokhachokha sikirini yonse, kenako chakuda, chofiira, chobiriwira, muyandikire nkhope muone ngati pali kadontho kosasintha mtundu, mizere, kapena zigamba zachikasu m'makona. Isiyeni iyake kanthawi mukucheza ndi ogulitsa, zina zimayamba kuphethira zikatentha. Pendekani mutu muyang'ane cham'mbali, ngati mitundu ikusintha kuda ndiye kuti sikiriniyo ndi ya mtundu wa TN, ya mtundu wa IPS imaoneka chimodzimodzi mbali zonse ndipo ndi imene maso amapirira nayo tsiku lonse. Resolution ikhale 1920 x 1080, musalole za 1366 x 768 olo mtengo utakoma bwanji, chifukwa mudzakhala ndi sikirini yaikulu yoonetsa zinthu zochepa zomwezo za pa laputopu. Pobwerera masulani mwendo, kulungani sikirini mu bulangeti kapena zitenje, galasi liyang'ane pachifuwa panu, muifukate ngati khanda pa mpando, osalola kondakitala aiponye kubuti pamodzi ndi matumba a ufa, mabampu a pa Nkando ndi pa Thuchila saona nkhope.

Nanga munthu oyendayenda, lero ali ku Chitakale mawa ku Limbuli mkuja ku Luchenza, achite bwanji poti monita ya pa desiki siikwera kabaza tsiku ndi tsiku? Apa mpamene pali njira yachitatu imene ine ndimaona kuti anthu sakuipatsa ulemu wake, monita yonyamula m'chikwama. Ndi sikirini yopyapyala, zambiri ndi za mainchi 14 kapena 15.6, kulemera kwake osafika kilogalamu imodzi, Lenovo ThinkVision M14 mwachitsanzo ndi cha m'ma magalamu 600, ASUS nayo ili ndi ma ZenScreen, ndipo za maina osadziwika ndi zambirimbiri. Imadya mawati 5 mpaka 10 basi, ndipo ngati USB-C yanu imatulutsa chithunzi khebulo imodzi yomweyo ikubweretsa chithunzi ndi moto womwe, soketi osafunika. Ngati laputopu ndi ya HDMI sankhani yokhala ndi bowo la mini HDMI, moto muipatse kuchokera pa pawabanki, zomwenso zimapulumutsa batire la laputopu. Ndiye kuti mwapeza zambiri mwa zimene laputopu ya masikirini awiri ikanakupatsani, pa mtengo woyandikira wa monita wamba, ndipo ikasweka mwataya iyo yokha. Zofooka zake zilipo, musayembekeze zodabwitsa. Kuwala kwake nkochepa, pakhonde masana simuona bwino, kachikuto kamene kamaimikira kamagwa tebulo likagwedezeka, ndipo ndi galasi lopyapyala loti mukalipanikiza ndi chaja mu chikwama lathetheka, nde muisungire kathumba kake kolimba pamodzi ndi timapaketi ta silica tija timabwera mu bokosi la nsapato. Mtundu wina uja womatirira kapena wokolekera kumbuyo kwa chivindikiro cha laputopu ine sindiulimbikitsa, kulemera konse kumapita pa mahinji, ndipo mahinji ndi amene amayamba kufa pa malaputopu a pulasitiki.

TV ya pa balaza nayo imagwira, bola pali HDMI, ndipo poyesera chabe ngati sikirini yachiwiri ingakuthandizeni ndi njira yabwino chifukwa simulipira kanthu. Koma ma TV ambiri a mainchi 32 ndi a 1366 x 768, zilembo zimaoneka zamanyazi, m'mphepete mumadulidwa mpaka mutasintha pa menyu, ndipo ikafika nthawi ya mpira pakhomo pavuta. Ngati muli ndi tabuleti yongokhala, pulogalamu ya spacedesk imaisandutsa sikirini yachiwiri ya Windows kudzera pa Wi-Fi ya pakati pa makina awiriwo, bandulo siidyeka, ma Galaxy Tab a S7 kupita mtsogolo ali ndi Second Screen yawoyawo, iPad ndi Mac zili ndi Sidecar. Poikapo PDF yowerenga kapena nkhope za anthu pa Zoom nzokwanira, kudulirapo vidiyo ayi, imachedwerako.

Tsono amene ndingamuuze kuti gula laputopu ya masikirini awiri ndi uyu: ntchito yake ndi ya pamsewu sabata yonse, amagona m'maloji, amagwirira ntchito pa matebulo a eni ake, masikirini awiri amawafuna tsiku lililonse osati kumapeto kwa mwezi kokha, laputopu yake yakale yafika kale posintha, ndipo ali ndi njira yokonzetsera, kaya bungwe lake ndi limene likugula ndipo lili ndi makina ena obwereka, kaya amapita ku South Africa kawirikawiri. Ameneyo atenge ya masikirini athunthu, makamaka yokhala ndi HDMI ndi USB yaikulu, RAM atenge yambiri pogula pomwepo poti sadzaonjezera, ndipo afunsitse ogulitsa kuti warranty ikafunika laputopu imatumizidwa kuti komanso transipoti amalipira ndani, ayankhe polemba. Wa maakaunti, wa ku sitediyo, mphunzitsi wokonza ma scheme ndi mayeso, aliyense amene ali ndi tebulo limodzi lomwe amabwererapo tsiku ndi tsiku, monita ya mainchi 22 kapena 24. Mwana wasukulu wa mu hositelo poti malo ndi ochepa komanso amasamuka semesita iliyonse, yonyamula ija ndi imene ingamukomere. Ojambula zithunzi ndi mavidiyo ndikudziwa kuti mitundu ya OLED imawakoka ndipo akunena zoona kuti ndi yokongola, koma Zenbook Duo ndi Yoga Book 9i zija zilibe graphics card yapadera, kachipangizo kothamangitsa ntchito ya zithunzi ndi mavidiyo, nde pa ndalama yomweyo laputopu yokhala ndi graphics card ya NVIDIA kuphatikiza monita ya IPS idzatulutsa vidiyo ya ukwati msanga.

Mukafika nayo kunyumba monita ija, nthawi zambiri imangoonetsa zomwezo zili pa laputopu, anthu ena nkukhala choncho miyezi kuyesa ndi mmene zimakhalira. Dinani batani la Windows limodzi ndi P, musankhe Extend. Kenako pa Display settings kokani timabokosi tiwiri tija tikhale mmene masikirini akhalira pa tebulo panu, ngati monita ili kumanzere nako kakhale kumanzere, apo ayi mausi izikutayani. Windows, Shift ndi muvi wakumanja kapena wakumanzere zimaponya pulogalamu kuchoka sikirini ina kupita inzake osachita kukoka. M'mphepete mwapamwamba mwa monita mukhale molingana ndi maso anu, kutalika kwake ngati mkono wanu mutautambasula, ndipo musaiike moyang'anizana ndi windo. Ngati ndalama yatsalako onjezerani kiyibodi ndi mausi za waya, ndi zotchipa ndipo sizifuna mabatire, nde laputopu nayo muikweze pa mabuku ifanane msinkhu ndi monita.